Jekete la Malemu Rafaelo

Moni inu amene mwatsegula tsamba lino. Tiyambe tathokoza Mulungu amene watidzutsa ndi mpweya m'mphuno, kenaka tikwere limodzi kumapiri a ku Mphunzi, m'mwezi wa Juni chaka cha 1978, pamudzi pamene maliro anali atangoikidwa kumene.

"Wachotsanso bulangete," ananong'ona mayi wina.

Anjelina anali ataona kale. Chisanu cha m'mawa umenewo chinali choluma mafupa. Nkhungu inali itatsika m'phiri n'kudzakhala pakhomo penipeni, ndipo amayi onse a pasiwa anali atadzikulunga, kungotsala maso. Koma Magadalena, mkazi wa malemu, amene anayenera kukhala pakona mutu uli pansi, anali atadzukanso. Anatuluka panja, anatola tsache, anasesa posesedwa kale, analiponya tsachelo, analowanso. Atakhala pamphasa miyendo inkangogwedera. Mpango wakuda umene anakulunga m'khosi unali utanyowa ndi thukuta.

Malemuyo, Rafaelo, anali mlongo wake wa Anjelina. Anagwira ntchito ya zankhalango paphiri la Dedza zaka zambiri, yoyeza mitengo ya paini. Ankazunguliza tepi pathunthu kuti adziwe ngati mtengo wakula kokwanira kudulidwa. Chibayo chinamugoneka masabata angapo, kenaka chinamutenga. Mtembo anabwera nawo kwawo kwa mwamunayo, ndipo mkazi wake anatsatira, kudzakhala pakati pa alamu ake mpaka tsiku lometa.

Anjelina ndiye anamulera Rafaelo amayi awo atamwalira. Ankamukumbukira ali mwana woopa chisanu kuposa ana onse a m'mudzimo. Nyengo ngati ino ankabwera akulira, zala zitauma, Anjelina n'kuzilowetsa m'khwapa mwake mpaka zifunde. Atakula sanasinthe, jekete ankavala ngakhale mu Okutobala. N'chifukwa chake Anjelina anadabwa ulendo wina atakawachezera kuphiri. Anamupeza Lamulungu m'mawa atagwada kuseri kwa nyumba, manja onse ali m'ndowa ya madzi ogona panja, mano akulumana. "Wapenga kodi iwe?" anamufunsa. Rafaelo anangoseka.

Tsopano mwana uja anali m'dothi lozizira, ndipo mkazi amene anayenera kumulira ankangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Phala la m'mawa anamaliza lake, n'kumalizanso la mwana wake. Namfedwa wanji wodya ngati wochokera kumunda? Nanga maso! Anali tong'o, owala, ouma. Chiikireni maliro palibe anaonamo msozi.

Anjelina anafinya mikanda ya kolona. "Ambuye, tsekani pakamwa panga," anapemphera chamumtima. Pakamwa panatsekekadi, koma mtima unapitiriza kulankhula.

Dzuwa litayamba kuboola nkhungu, Veronika, mwana wamkulu wa malemu, amene ankaphunzitsa pasukulu ya pulayimale, anadzamukodola Anjelina. Anapita limodzi panja pamene amuna ankawotha moto wa zitsa. Veronika anagwada chapatali pang'ono ndi Kalisto, mng'ono wake wa Rafaelo.

"Bambo aang'ono, ndili ndi mawu. Azakhali, nanunso mumve."

"Nena, mwanawe."

"Mawa dokotala wochokera ku Blantyre afika kuchipatala cha mishoni. Amabwera mwa apo ndi apo, akapita ulendo uno ndiye mpaka mvula. Amayi anauzidwa kuti akaonekere mawa lomwelo."

Kalisto anakankhira chitsa pamoto. "Mawa? Sitinamete."

"Ndikudziwa, bambo."

"Malume atumiza mawu kuchokera ku Lobi kuti afika Loweruka. Eni mbumba ndi iwo, lumo adzagwira ndi iwo. Ndiye namfedwa achoke pasiwa tsitsi lili m'mutu, akakwere basi, akakhale pabenchi ndi anthu wamba? Atiseka mpaka ku Linthipe."

"Palinso nkhani ya jekete la ababa."

"Ehee!" Kalisto anaomba m'manja kamodzi. "Ndimadikira pomwepo. Dzulo amayi ako, lero iwe. Dothi la pamanda silinaume, mwayamba kale jekete. Mawa mudzati njinga, mkuja wailesi."

"Jekete sitikulifuna, bambo. Tikufuna za m'thumba. Muli mankhwala a amayi, khadi lawo la chipani, ndi chingwe."

"Chingwe chanji?"

"Choyezera khosi. Dokotala anati mankhwala amatsata kukula kwa chithokomiro. Iwo amachiyeza ndi zala zawo, koma akachoka palibe woona ngati chikukula kapena chikubwerera. Ndiye ababa anapota chingwe. Mwezi ukatha ankawazunguliza amayi m'khosi, n'kumanga mfundo pamene chalekezera. Dokotala anati tizibwera nacho."

"Achimwene ndi mitengo yawo!" anatero Kalisto. "Mpaka mkazi kumuyeza ngati paini?"

Amuna awiri atatu anaseka, kenaka anakumbukira pamene anali, n'kuyang'ana pamoto.

"Tamvera, aphunzitsi," anapitiriza Kalisto, mawu atatsika. "Katundu wa malemu anamangidwa, adzamasulidwa pamaso pa onse tikameta. Tikadumpha mwambo, mwana wa munthu n'kudwala m'mudzi muno, chala adzaloza ine. Iwe udzakhala uli kusukulu kwako ndi choko m'manja."

Veronika anatembenukira kwa azakhali ake. Anjelina anatsitsa bulangete, n'kuonetsa khosi lake. Panali chotupa chachikulu ngati nkhonya ya mwamuna.

"Taona ichi, Veronika. Chinandimera ndili ndi pakati pa mwana woyamba. Ndalima nacho, ndasenza nacho nkhuni, ndaimba nacho m'kwaya mpaka mano kutha. Pita pachitsime ukaone amayi a m'mapiri muno, opanda chithokomiro ndi angati? Cha amayi ako ndinachiona posamba, n'kadzira ka nkhuku. Chinayamba liti chithokomiro kuthamangitsa munthu pamaliro a mwamuna wake?"

"Si chimodzimodzi, azakhali."

"Khosi ndi khosi."

Veronika anadzuka, anapukuta mawondo, n'kuchoka. Anjelina anabwerera m'nyumba ya siwa. Amayi a mphakati wa kutchalitchi anali atayamba nyimbo ya maliro, ija yoyenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa. Pakona pa namfedwa panali bulangete lokha, lopindika ngati chikopa chimene njoka yafundula.

"Watulukanso," anatero mayi uja, tsopano osanong'ona.

Apa Anjelina anaona kuti zakwana. Anamanga chitenje cholimba, n'kutsata kanjira kotsikira kumadimba. Ankayenda akukonza mawu. Anadutsa mabedi a kabichi ndi a mbatata ya kachewere, mawuwo akunka nanoleka. Adzamuuza za Rute wa m'Baibulo amene anakakamira apongozi ake. Adzamuuza kuti ulemu wa mkazi umaonekera pamaliro. Adzamuuza zonse.

Anamupeza kumtsinje, atakhala pamwala, mapazi ali m'madzi amene m'nyengo imeneyi ngakhale ng'ombe zimayamba zawanunkhiza. Mpango anali atauvula. Ankayesa kutunga madzi ndi chikho kuti amwe, koma chikho chikamafika pakamwa chinali chitakhutukira pachifuwa.

"Alamu, mukutichititsa manyazi."

"Ndikudziwa, alamu."

Yankho limeneli Anjelina sanalikonzekere. Mawu onse a m'njira aja anabalalika.

"Ngati mukudziwa, bwanji osakhala pansi? Anthu akuti simunamukonde. Ena akunena zoposa pamenepo."

"Ndikuzimva. Makutu okha ndiye akadali abwino." Magadalena anaika chikho pamwala. "Tabwerani kuno. Ndipatseni dzanja lanu."

Anjelina anazengereza, kenaka anasendera. Magadalena anagwira dzanjalo ndi zala zonjenjemera, n'kuliika pakhosi pake.

Panali potentha ngati mphika wongophula kumene. Chotupacho chinali chaching'onodi, koma pansi pa khungu panali china chake chikung'ung'uza, ngati ukaika dzanja pamng'oma wa njuchi. Ndipo mtsempha wa pambali unkagunda mothamanga, mopanda dongosolo, ngati munthu wothawa amene akupunthwa koma osaima. Mosadziwa, Anjelina anakweza dzanja linalo n'kugwira chake. Chinali zii, chozizira, ngati mwala wa mumtsinjemo.

"Chanu chili m'tulo, alamu," anatero Magadalena. "Changa chili maso. Asisitere a kuchipatala anati chimathira moto m'magazi. Chakudya chimapsa ndisanachimve m'mimba. Ndimadya, ndimaonda. Mapiritsi ankasunga ndi bambo a Veronika, chifukwa manja angawa amagwetsa, n'kutayika m'fumbi. M'mawa uliwonse ankandiikira okha m'kamwa. Ngakhale ali chigonere, mawu atatha, ankaloza jekete."

"Nanga bwanji simunatenge tsiku lomwelo?"

"Mtembo uli m'nyumba, ine ndizipisa m'thumba mwa mwamuna wanga, abale ake akuona? Mmene ndimati ndilimbe mtima, munali mutamanga kale mtolo. Munamanga ndinu."

Zinali zoona. Anjelina ndiye anapinda jeketelo ndi manja ake. Anamvanso kanthu kakuchita phokoso m'thumba, n'kuganiza kuti ndi machesi.

"Dzulo ndinayesa kuwauza a Kalisto. Anangomva mawu oti jekete, ena onse anagwera pansi." Magadalena anatulutsa phazi m'madzi, analibwezeranso. "Ine ndikufuna kulira, alamu. Ndikufuna ndikhale pakona paja, ndifunde bulangete, ndimulire mwamuna wanga monga amachitira mkazi aliyense. Ndikangokhala, mtima ukuti dzuka. Misozi ikati ibwere, m'maso mukuuma ngati mwathiridwa mchenga. Imfa yandilanda mwamuna, nthendayi ikundilandanso maliro ake."

Anjelina anakhala pansi pamwala wonyowa, osasamala chitenje. M'mutu mwake munabwera wansembe wokalamba uja, Eli, amene anaona mayi akupemphera milomo yokha ikugwedera, n'kumuyesa woledzera. Nkhaniyi anali ataimva kambirimbiri m'tchalitchi, ndipo nthawi zonse ankadziika kumbali ya mayiyo. Lero anadzipeza atakhala pampando wa wansembe.

"Dokotala akapanda kukuonani mawa, chichitike n'chiyani?"

"Mapiritsi atsala ochepa, ndipo asisitere sangasinthe muyezo paokha. Dokotala anati akachipeza chabwerera, achepetsa mankhwala. Akachipeza chakula, andilemba pagulu la opita ku opaleshoni. Anatichenjezanso kuti mtima ukathamanga chonchi nthawi yaitali, umafika potopa." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Bambo a Veronika ankati mtima si lole ya boma yoti ikafa abweretsa ina."

"Valani mpango. Tiyeni."

Anakwera chitunda mofulumira. Magadalena ankatsogola, kenaka n'kuima akupuma mwabefu, dzanja pachifuwa, n'kuyambanso kuthamanga. Atafika pamudzi, Anjelina anamusiya kuseri kwa nyumba padzuwa, m'manja mwa Veronika, iye n'kulunjika kunyumba ya Kalisto. Mtolo unali pamwamba pa matumba a nyemba, womangidwa m'chitenje chakale cha malemu amayi awo. Anautsitsa. Asanagwire mfundo, khomo linada.

"Achemwali, mukutani?"

"Ndikumasula chimene ndinamanga."

"Malume akadzafunsa?"

"Udzati ndi Anjelina. Pakamwa ndili napo, ndidzayankha ndekha."

"Inu nomwe si munati khosi ndi khosi?"

"Ndinatero, ndipo ndinalakwa. Ndachigwira ndi dzanja langali, Kalisto. Changa ndi chake n'zosiyana ngati phulusa ndi khala." Anayamba kumasula mfundo ndi zikhadabo. "Mwambo umati katundu wa malemu asagawidwe tisanamete. Ine sindikugawa. Jekete likhala pompano, malume adzalipeza. Ndikungochotsa za munthu wamoyo zimene ndinamangira pamodzi ndi za wakufa."

"Nanga zochoka pasiwa?"

"Sakuchoka m'manja mwathu. Ndipita naye ine, ndibwera naye ine, dzuwa lisanalowe. Namfedwa akakhala ndi mlongo wa malemu pambali, wathawa ndani? Kapena ukufuna malume adzapeze adzukulu akukumbanso manda ena?"

Kalisto anakanda m'mutu mwake mwa tsitsi losameta. Sanali munthu woipa. Anali munthu amene akuluakulu anamusiyira mudzi asanakonzeke, ndipo ankaopa kuugwetsa.

"Ine sindinaone kanthu," anatero pomaliza.

Anatembenuka, n'kuima pakhomo atafulatira, mapewa ake atatseka khomo lonse kuti a pamoto asaone za m'kati. Patapita kanthawi analankhula akuyang'anabe panja.

"Khadi lanu la chipani muli nalo inuyo? Anyamata a chipani a pamsewu aja saona zoti munthu ndi wamaliro."

"Lili m'Baibulo."

"Mulichotse lero, mungaiwale. Basi ya m'mawa sidikira."

Jekete linali pansi pa malaya awiri ndi nsapato za kuntchito. Linkanunkhirabe utomoni wa paini ndi utsi. Anjelina analikumbatira kumaso kanthawi kochepa, kenaka anapisa m'thumba la m'kati. Munali kabotolo ka mapiritsi, khadi la Magadalena lokulungidwa bwino m'pepala, ndi chingwe choyera cha thonje. Sichinali cha khonje chokanda khungu ayi. Chinali chopotedwa mosamala, chofewa ngati chomangira mwana m'chiuno, ndipo chakumapeto kwake kunali timfundo tondondozana. Anapindanso jekete, anamanga mtolo monga unalili, n'kuubwezera pamatumba.

Kuseri kwa nyumba Magadalena anali atakhala pamtondo wogwetsedwa, bondo likudumphadumpha. Veronika anabweretsa madzi m'kapu. Anjelina anatsegula kabotolo.

"Angati?"

Veronika anamuuza. Anjelina anawatola ndi zala ziwiri, ndipo Magadalena anayasamula ngati mwana, maso ali kumbali chifukwa cha manyazi. Anameza. Pomeza, chotupa chija chinakwera n'kutsika.

"Mwezi uno sanandiyeze," anatero Magadalena. "Anali atagona kale. Dokotala akafuna kuona mfundo ya mwezi uno."

"Ndiuzeni mmene ankachitira."

"Ankaima kumbuyo kwanga, monga amaimira dokotala. Chingwe chizidutsa pafupa ili la kumbuyo kwa khosi, kutsogolo chidutse pamwamba penipeni pa chotupacho. Osakoka. Ankati tepi ukaikoka imanama."

Anjelina anapita kumbuyo. Anayang'ana manja ake okhakhala, nakumbukira kuti ndi Juni. Anawauzira mpweya, anawatikita, n'kuwalowetsa m'khwapa mwake kuti afunde, monga ankachitira ndi zala za kamnyamata kaja kalekale. Atamva kuti atentha bwino, anachotsa mpango wa mlamu wake, n'kuika zala pakhosi.

Magadalena anadzidzimuka, n'kuthawitsa khosi.

"Ndakupwetekani?"

"Iyayi. Pepani, alamu. Kungoti manja anu akutentha." Anayang'ana pansi. "Iwo ankayamba awaviika m'madzi ogona panja. Ankati khosi langa likupsa kale, iwo asawonjezere moto."

Anjelina anaima chilili, chingwe chili lende m'manja. Anaona kuseri kwa nyumba ya kuphiri ija, Lamulungu m'mawa, munthu wamkulu atagwada pandowa, mano akulumana, akuseka.

"Mwezi uliwonse?" anafunsa, mawu atachepa.

"Ngakhale mu Juni. Ankatuluka nawo ali ofiira, n'kumati, fulumira mayi, asanafunde."

Pansi pa tsindwi, mbali imene dzuwa silifika, panali ndowa imene atsikana anatunga dzulo. Anjelina anapereka chingwe kwa Veronika. Anapita pandowapo, anagwada, anakwinya manja a bulauzi, n'kuviika manja onse mpaka m'mikono. Madziwo analuma ngati mano. Anapirira mpaka zala zinayamba kufa dzanzi. Kenaka anadzuka, osapukuta, n'kubwerera.

Anazunguliza chingwe monga anauzidwira, pafupa la kumbuyo, pamwamba pa chotupa, osakoka. Nsonga inapitirira mfundo yomaliza ya Rafaelo ndi mpata wonga chala chaching'ono. Veronika anaona, n'kuluma mlomo.

"Chakula?" anafunsa Magadalena.

"Chakula pang'ono. Mawa dokotala akaona yekha."

Anjelina anamanga mfundo yatsopano ndi zala zouma. Inatuluka yaikulu, yosaoneka bwino pafupi ndi timfundo taudongo ta mlongo wake. Anapereka chingwe kwa Veronika, koma manja sanawatsitse. Anawabwezera pakhosi paja, lina mbali iyi, lina mbali iyo.

Bondo lija linadumpha kangapo, kenaka linafatsa. Mapewa a Magadalena anatsika. Anatsamira mutu pamimba pa mlamu wake, ndipo kuchokera pansi penipeni pa chifuwa panatuluka mawu amene mudzi wonse unkadikira, otsika, osweka, oitana dzina la mwamuna wake. M'nyumba ya siwa nyimbo inaduka pakati.

Anjelina anamva kuti manja ake ayamba kufunda.

"Veronika," anatero chapansipansi, "sendeza ndowa ija kuno."

Inu amene mwayenda nafe mpaka pano, Mulungu wa amasiye akusungeni. Akupatseni maso osafulumira kuweruza wolira, ndipo tsiku limene thupi kapena mtima wanu udzatenthe, akutumizireni munthu wodziwa manja amene mukusowa.